Ndikufuna Windows 98 yanga ija ndi magemu akale pa laputopu ya masiku ano, zitheka?

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa ku Zomba, ndalidula pang'ono: "Ine kompyuta ndinaphunzira cha m'ma 1999 pa Windows 98, tinkataipa pa Mavis Beacon ndipo aphunzitsi akatuluka tinkasewera Dave ndi Prince of Persia. Pano ndili ndi laputopu ya Windows 11, mnzanga anandipatsa foda ya magemu aja koma ndikadina ikungokana kuti pulogalamuyi singayende pa kompyuta yanu. Ndilinso ndi madisiketi a malemu bambo anga omwe ankalembapo makalata pa WordPerfect. Pali njira yoti zonsezi ndizionenso? Komanso kunena chilungamo Windows ya masiku ano imanditopetsa, yakale ija inali yomveka."

Achimwene, njira ilipo ndipo yambiri ndi yaulere, koma apa mwamanga mitolo itatu ndi chingwe chimodzi. Makalata a bambo ndi nkhani ina, magemu ndi nkhani ina, Windows 98 yeniyeniyo ndi inanso, ndipo anthu ambiri amagwa ulesi panjira chifukwa amathamangira chida cholemera kwambiri pomwe chimene akuchifunacho chimatheka ndi kapulogalamu kakang'ono. Ndiyamba ndi madisiketi chifukwa ndi okhawo amene sangadikire.

Disiketi imasunga zinthu pa kambale kopyapyala ka maginito kamkati muja, ndipo kambaleka kamafooka ndi zaka, makamaka ngati inkakhala mu sutikesi pansi pa bedi nyengo za mvula zonsezi. Musanachite china chilichonse kankhani kachitsulo kotsekera kaja ndi chala muone mkati, mukaona timadontho toyera kapena tobiriwira ndi nguwi imeneyo, musaiyike mu makina, imadetsa mutu wowerengera kenako mutuwo nkumakanda madisiketi ena abwinobwino. Amene akuoneka oyera, tembenuzani kuseri pakona pali kapulasitiki kotsetsereka, kakankheni mpaka bowo lioneke, mukatero mwaitseka kuti kompyuta izingowerenga osalembapo kanthu. Kenako mupeze draivu ya disiketi yolumikiza pa USB, imawerenga madisiketi a mainchesi 3.5 aja a 1.44 MB ndipo Windows 11 imaizindikira yokha. Kopani zonse kamodzi nkamodzi muike mu foda, muikenso pa fulashi ndi pa imelo yanu, osatsegula fayilo ili pa disiketi pomwepo. Ikakana ndipo Windows nkufunsa ngati mukufuna kuifomata, yankho ndi ayi, chonde, ayi. Yesani draivu ina kaye chifukwa nthawi zina disiketi yokana apa imawerengeka apo. Sony amene anali otsala akuluakulu opanga madisiketi anasiya mu 2011, ndiye zimene muli nazozo palibe chozilowa m'malo. Muwapitsenso pa antivayirasi, madisiketi a m'maofesi nthawi imeneyo ankayenda ndi mavayirasi ngati Stoned ndi Michelangelo obisala koyambirira kwa disiketi.

Mafayilo akatuluka simukufunika emyuleta iliyonse, ndiko kuti pulogalamu yonamizira kompyuta yakale, kuti muwawerenge. LibreOffice, yaulere ija, imatsegula mafayilo a WordPerfect, imatsegulanso a Lotus 1-2-3 ndi a dBase ngati bambo ankasunga maakaunti. Musadabwe mukapeza mayina achilendo ngati KALATA.JAN kapena MINUTES.93, DOS inkangolola zilembo 8 kutsogolo ndi 3 kumbuyo kwa kadontho ndipo masekilitale ambiri ankagwiritsa zitatu zakumbuyozo mmene afunira. Tsegulani LibreOffice Writer kaye, mupite pa Open nkusankha fayiloyo, iyo imayang'ana zamkati osati dzina. Mizere ina ndi matebulo zitha kusuntha pang'ono koma mawu onse amabwera, musunge kope la PDF basi mwathana nazo.

Tsopano magemu. Kukana kumene mukukuonako si vayirasi ndipo laputopu yanu ilibe vuto. Dangerous Dave ndi Prince of Persia ndi mapulogalamu a DOS a 16-bit, ndipo Windows ya 32-bit inali ndi kachipinda kotchedwa NTVDM komwe inkayendetseramo zinthu zoterezi, ndi chifukwa chake pa XP zambiri zinkayendabe. Windows ya 64-bit ilibe kachipinda kameneka, ndipo Windows 11 inangotuluka ya 64-bit yokha. Zija anthu amakuuzani kuti dinani kumanja musankhe Compatibility mode sizithandiza pano, mungotaya nthawi.

Chimene mukufuna ndi DOSBox. Inayamba mu 2002 ndipo ntchito yake ndi kunamizira kukhala kompyuta yakale yathunthu, purosesa yake, khadi la zithunzi la VGA, khadi la mawu la Sound Blaster, ndi DOS yakeyake mkati, moti simukufunika kusaka MS-DOS. Ndi yaing'ono, bandulo ya tsiku imakwana. Pali ana ake awiri amene akukonzedwabe mpaka pano, DOSBox Staging yomwe imakomera magemu ndi DOSBox-X yomwe ili ndi ma menyu pamwamba ndipo imakomera mapulogalamu a mu ofesi. Kwa inu ndinganene DOSBox-X chifukwa mwatchula WordPerfect. Pangani foda pa C muitche dzina lalifupi lopanda mpata, tinene DOS, muikemo magemu onse aliyense mu kafoda kake. Mukatsegula DOSBox mulemba mount c c:\dos nkudina Enter, kenako c: kenako cd dave kenako dave. Mukaiwala dzina la fayilo lembani dir muona yothera ndi EXE kapena COM kapena BAT. Zala zanu zikumbukira zokha, muona. Chenjezo limodzi, osamaunta C yonse ya laputopu, pulogalamu yakale ikalakwitsa ingakufufutireni zinthu zenizeni.

Pali zinthu zitatu zimene zimasokoneza pafupifupi aliyense tsiku loyamba. Liwiro ndiye lalikulu. Magemu ambiri akale ankawerengera nthawi potengera mphamvu ya purosesa, ndiye akapatsidwa mphamvu yochuluka munthu wa mu gemu amathamanga ngati wapenga, mumafa musanadine nkomwe batani. Mu DOSBox wamba Ctrl ndi F11 imachepetsa liwiro, Ctrl ndi F12 imawonjezera, mu DOSBox-X muzipeza pa menyu ya CPU. Mukaona uthenga woti Runtime error 200 ndi nkhani yomweyo, mapulogalamu olembedwa mu Turbo Pascal anali ndi kavuto koti purosesa ikapitirira cha m'ma 200 MHz masamu awo oyeza nthawi ankasefukira, tsitsani liwiro ayenda. Mawu akakhala kulibe, fufuzani SETUP kapena INSTALL mu foda ya gemuyo musankhe Sound Blaster, adiresi 220, IRQ 7, DMA 1, manambala amenewa ndi amene DOSBox imayembekezera. Chachitatu ndi chithunzi, magemu aja ankajambulidwa pa 320 ndi 200 koma kuonetsedwa pa monita ya 4:3, ndiye mukawatambasula kudzaza sikirini yotakata ya laputopu kalonga uja amaoneka wonenepa ndi wamfupi. Yatsani aspect mu zokonda zake, mizere yakuda m'mbali muilole ikhale.

WordPerfect 5.1 ya 1989 imayenda bwino kwambiri mmenemu ngati mukufuna kuona makalata aja mmene mwini wake ankawaonera, sikirini ya buluu yopanda kalikonse kupatula kamzere kapansi kumanja konena tsamba ndi mzere umene muli. F5 imaonetsa mafayilo, F10 kusunga, F7 kutuluka, Shift ndi F7 kupulinta, Alt ndi F3 kuonetsa ma code obisika, chinthu chimene akale ambiri amachilirabe mpaka lero chifukwa unkaona ndi maso pamene bold yayambira ndi pamene yathera nkuchotsa chimene chikusokoneza. Koma samalani, mu DOSBox wamba Ctrl ndi F9 imatseka DOSBox yonse nthawi yomweyo osafunsa, pomwe mu WordPerfect mabatani omwewo ndi a Merge ndi Sort. Mutha kusintha zimenezi pa mapper, malo a mu DOSBox osinthira ntchito za mabatani. Komanso pa malaputopu ambiri mzere wa F uja unapatsidwa ntchito ya voliyumu ndi kuwala, ndiye muzigwira Fn kapena muyatse Fn Lock.

Mavis Beacon zitengera kuti munkagwiritsa iti, inalipo ya DOS ndi ya Windows. Ngati inali ya Windows 3.1 kapena instola yake ndi ya 16-bit, yesani kaye kapulogalamu kotchedwa otvdm, ena amati winevdm, kamayendetsa mapulogalamu a Windows ya 16-bit pa Windows ya 64-bit popanda kumanga kompyuta yonse. Pinball ya Space Cadet ija ndiye yosavuta kuposa zonse, ndi ya 32-bit, mukapeza foda yake kuchokera pa XP imangoyenda pa Windows 11 popanda china chilichonse.

Tifike pa Windows 98 yeniyeniyo, ndi kulira kwake poyaka, ndi ka Start ka imvi pakona. Apa ndi pamene ambiri amasochera chifukwa aliyense amawauza VirtualBox. VirtualBox ndi pulogalamu ina yotchedwa 86Box zonse zimayendetsa kompyuta ina mkati mwa kompyuta yanu, ndiye zimaoneka ngati zimagwira ntchito imodzi koma mkati mwake ndi zosiyana. VirtualBox imabwereka purosesa yanu yeniyeniyo nkupatsa Windows yakaleyo kuti iyendepo mwachindunji, ndi chifukwa chake imathamanga. 86Box imakhala ngati womasulira wa pa msonkhano wachitsitsimutso, mlaliki akanena chiganizo iye abwereze m'chinenero china, chiganizo chilichonse, ndiye uthenga umafika wonse koma thukuta limakhala lambiri. Lamulo lililonse la Pentium yakale ija limasandutsidwa kaye kuti purosesa yanu ilimve, chimodzimodzi tchipisi ta pa mathabodi, khadi la zithunzi, mpaka draivu ya disiketi.

Windows 98 imadana ndi kupatsidwa purosesa ya lero mwachindunji. Inalembedwa nthawi imene 64 MB ya RAM inali ya mabwana, ikapatsidwa yopitirira 512 MB imayamba kudandaula kuti memore yachepa, zoseketsa koma zoona, ndipo pa mapurosesa atsopano imakonda kugwa pakati pa kuinstola. Windows 95 ndiye inayamba kale kugwa pa AMD K6-2 ya 350 MHz mpaka Microsoft anatulutsa chigamba. Kuwonjezera apo VirtualBox ilibe Guest Additions za Windows 98, madraiva ake othandiza Windows ya mkatiyo kuyenda bwino, ndiye mumakhalira mitundu 16 pa sikirini yaing'ono mpaka mutasaka madraiva a anthu ena. Zimatheka koma ndi ntchito yosakoma.

Mu 86Box, yomwe inaphuka kuchokera ku PCem, mumamanga kompyuta ngati muli mu shopu ya 1997. Mufunika kudawuniloda paokha ma ROM ake, ndiwo ma BIOS a makina akalewo, timapulogalamu toyamba kuyenda kompyuta ikamayaka, muike mu foda ya roms. Ine ndimalangiza kuyamba modzichepetsa, mathabodi ya Socket 7, Pentium MMX ya 166 kapena 200 MHz, RAM 64 MB, khadi la zithunzi la S3 Trio64 kapena ViRGE, Sound Blaster 16, hadi disiki ya 2 GB ndi CD-ROM. Makadi amenewa Windows 98 imawadziwa kale, madraiva ali pa CD yake. Pamwamba pa windo pamaoneka peresenti, ikakhala pa 100 zili bwino, ikamatsika mawu amayamba kudukaduka ndiye mwasankha purosesa yoposa mphamvu ya laputopu yanu, bwererani pansi. 86Box imadalira kwambiri mphamvu ya core imodzi, chigawo chimodzi cha purosesa, kuchuluka kwa ma core sikuthandiza, ndiye pa laputopu ya Celeron kapena i3 yakale musalote za Pentium II, khalani pa 486 kapena Pentium 100 ndi Windows 95. Kuinstola kwake ndi kwakale komwe kuja, kuyatsira pa boot disk, fdisk kupanga patishoni, kuzimitsa nkuyatsanso, format c: kenako setup, kenako kudikira uku ikukuuzani mphindi zotsala zomwe sizimakhala zoona. Tengani Second Edition ya 1999, ndi yokhazikika kuposa yoyamba. Mukamaliza kuinstola tsekani bwinobwino nkukopa fayilo ya hadi disikiyo kwina, magetsi akakuthimirani pakati pa ntchito kapena mukaiwononga ndi draiva yolakwika mungobwezeretsa kope lija.

XP ndi nkhani ina, imeneyo VirtualBox imaitha bwino zedi, ipatseni RAM 512 MB kapena 1 GB, muike Guest Additions, mutenge snapshot, kope la mmene ilili loti mudzabwerereko ikawonongeka. Ikakana kuyaka lowani mu BIOS ya laputopu muyatse VT-x kapena AMD-V, zimene zimalola VirtualBox kubwereka purosesa. Koma netiweki muithimitse. Microsoft anasiya kuiteteza XP pa 8 April 2014, ndipo vayirasi ya WannaCry ya 2017 inaonetsa zimene zimachitikira makina osatetezedwa. Ndiponso palibe chimene mungapindule, Internet Explorer 6 singatsegule masamba ambiri a lero chifukwa njira zotetezera kulumikizana zinasintha. Mafayilo muzilowetsa kudzera pa shared folder, foda yogawana ndi laputopu yanu, kapena ISO, fayilo yokhala ngati CD.

Za malamulo ndinene mosabisa. Mawu oti abandonware, kutanthauza mapulogalamu amene eni ake anasiya kuwagulitsa, amene mudzawaone paliponse si lamulo, Windows 98 ikadali katundu wa Microsoft ngakhale sakuigulitsanso. Ngati muli ndi CD yanu ndi kiyi yake muli pabwino. FreeDOS ndi yaulere kwathunthu, gawo loyamba la Doom ya 1993 linatuluka ngati shareware loti anthu azigawana, ndipo sitolo ya pa intaneti ya GOG imagulitsa magemu akale ambiri atakulungidwa kale mu DOSBox. Masamba amene amakulonjezani magemu 500 mu fayilo imodzi ya EXE athaweni, gemu ya DOS sifuna instola ya Windows.

Ngati mukungofuna kulawa musanadzivutitse, Internet Archive ili ndi magemu a DOS masauzande oyenda mu burawuza momwemo, ndipo v86 ya pa copy.sh imayatsa Windows 98 mu tabu ya Chrome. Amene anakulira pa Macintosh ali ndi Infinite Mac. Zimadya data pang'ono ndipo zimene mwasunga sizodalirika kuti mudzazipeza mawa, koma kwa ambiri theka la ola mmenemo limakwana kuthetsa chilakolako. Pa foni ya Android pali Magic DOSBox, koma Prince of Persia pa sikirini yogwira ndi chala ndi chilango, lumikizani kiyibodi ndi kachingwe ka OTG.

Pa mawu anu omaliza aja oti yakale inali yomveka, ndikugwirizana nanu kuposa theka. Si ukalamba wokha ayi. Pa Windows 95 ndi 98 batani linkaoneka kuti ndi batani, lotukuka, ukalidina nkulowa mkati, chimene sungadine chinkakhala chotuwa. Mapulogalamu ambiri anali ndi File, Edit, View, Help pamalo omwewo, ndipo chilembo chimodzi chinali ndi kamzere pansi kukuuza kuti Alt ndi F itsegula File, moti munthu wophunzira Notepad anali ataphunzira kale theka la Word. Scroll bar inali yonenepa yooneka nthawi zonse, osati ya lero yobisala mpaka uisake ndi mawusi. Ngakhale Solitaire inaikidwa mu Windows 3.0 mu 1990 ndi cholinga, kuti anthu azolowere kukoka ndi kuponya ndi mawusi. Kenako Office 2007 inachotsa ma menyu nkubweretsa riboni, Windows 8 mu 2012 inachotsa Start menyu yonse mpaka anthu anakwiya, ndipo lero Settings ndi Control Panel zikukhalira limodzi ngati palibe amene anaganiza kuti zinthu zikhale kuti. Onjezani kufunsidwa akaunti ya Microsoft poyamba penipeni ndi ma update odya bandulo usiku, kutopa kwanu ndikukumvetsa.

Koma mukaiyatsa mu 86Box mukumbukiranso zimene mtima unasankha kuiwala. Uthenga wa illegal operation uja ukubwera usanasunge ntchito. ScanDisk ya buluu kukudzudzula chifukwa sunathimitse bwino. Fulashi yosawerengeka mpaka uike draiva yake. Kuyatsanso kompyuta chifukwa chosintha kanthu kakang'ono pa netiweki. Bill Gates mwini wake inamugwera pagulu ku chionetsero cha makompyuta cha COMDEX mu April 1998 pomwe ankaonetsa kulumikiza sikana pa USB. Ndiye kuisewera Loweruka masana inde, koma kulembapo ntchito ya ofesi tsiku ndi tsiku sindingakulangizeni.

Ngati chimene mukusowa kwenikweni ndi maonekedwewo pa ntchito ya masiku onse, emyuleta si yankho lake. Open-Shell imabwezeretsa Start menyu yakale pa Windows yanu yomweyi. LibreOffice ikadali ndi ma menyu ndi timabatani ngati Office 2003. Winamp ndi ma skin ake ikupezekabe, ndipo Webamp imaiyendetsa mu burawuza. Ndipo ngati pakhomo pali laputopu ina yakale imene Windows 11 inaikana chifukwa ilibe katchipisi kachitetezo ka TPM 2.0, poti Windows 10 nayo chithandizo chake chinatha pa 14 October 2025, ikanipo Linux Mint ya Xfce m'malo mwa Windows, muvekepo thimu yotchedwa Chicago95. Imaoneka ngati Windows 95 mpaka ma icon ndi mawu ake, koma pansi pake pali burawuza ya lero ndi chitetezo cha lero, ndipo imapepuka pa makina a RAM yochepa.

Chimodzi chimene chidzakudabwitseni ndi choti ngakhale zonse zitayenda, chithunzi chidzaoneka chakuthwa mopitirira, timabokosi tili poyera. Ojambula magemu aja ankadalira monita ya chitumbo ija ya CRT yomwe inkasungunula timadontho nkusakaniza mitundu. DOSBox Staging imabwera ndi ma shader, zosefera chithunzi zonamizira CRT, ndipo pa ma version atsopano amakhala oyaka kale, mu 86Box muwapeza mukasankha renderer ya OpenGL. Windows 98 muisiye pa 800 ndi 600 kapena 1024 ndi 768, mukaikweza kuposa apo zilembo zimachepa mpaka kufinya maso chifukwa sinapangidwire masikirini othinana chonchi.